Tomato ndi chipatso kapena ndi masamba? Yankho langa kwa mayi a ku Lilongwe

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi ena a ku Lilongwe. Ndinayamba kuwayankha pafoni pompo koma yankho linangotalikirabe, nde ndinawapempha kuti ndiliike pano kuti makolo ena aonenso. Anavomera, bola dzina lawo lisatuluke. Analemba chonchi:

"Mwana wanga ali ku pulayimale, anapatsidwa homuweki yoti aike zakudya m'magulu asanu ndi limodzi aja. Atafika pa tomato anafunsa amalume ake amene anaphunzira zaulimi, iwo anamuuza kuti tomato ndi chipatso. Analemba choncho, aphunzitsi n'kumuikira ekisi, akuti tomato ali m'gulu la masamba. Pano mwana wakhumudwa, akuti mmodzi mwa awiriwa wamunamiza. Zoona zake ndi ziti? Komanso ngati alidi chipatso, ndiye kuti ana anga akadya ndiwo zothira tomato adya kale chipatso cha tsikulo? Ndikufunsa chifukwa zipatso mutawuni muno zadula."

Mayi, zikomo polemba. Chimene ndikufuna mukamuuze mwanayo lero lomwe ndi chakuti palibe amene wamunamiza. Ndayambira pamenepa dala, chifukwa mwana akayamba kuganiza kuti akuluakulu amangoyankha zam'mutu mawa safunsanso, ndipo zimenezo zimandidetsa nkhawa kwambiri kuposa ekisi imodzi mukope. Amalume ake ananena zoona. Aphunzitsi nawonso sanalakwitse. Kungoti aliyense amayankha funso lakelake, ngakhale pakamwa limamveka ngati funso limodzi.

Tiyambe ndi amalume. Anthu ophunzira za zomera akamati chipatso sakunena za kutsekemera ayi, olo zoti chinthucho chimadyedwa chosaphika. Iwo amangoyang'ana kuti chachokera pati pa chomera. Ngati chachokera ku duwa, makamaka ku kathumba kaja ka patsinde pa duwa kamene kamafufuma duwa likalandira mungu, ndipo mkati mwake mwasungika njere, chimenecho ndi chipatso basi. Kaya ndi chowawa, kaya ndi chouma gwa, kaya ndi chakupha, dzina lake ndi lomwelo.

Ine izi ndinaziona ndi maso ndisanazimve m'kalasi. Agogo anga aakazi anali ndi dimba kumunsi kwa mudzi, ndipo patchuthi ntchito yanga inali kuthirira ndi kumangirira tomato ku timitengo ndi luzi. Amene anagwirapo tsinde la tomato akudziwa fungo lija limene limatsalira m'manja, ndi zobiriwira zija zimene zimamatirira ku zala osachoka ndi madzi okha. Timaluwa take ndi tachikasu, tooneka ngati nyenyezi, timazyolikira pansi tingapo pa kanthambi kamodzi. Pakapita masiku duwa lija limafota n'kuuma, nthawi zina limatsala litakakamira kunsonga, ndipo kuseri kwake umaona kampira kobiriwira kochepa ngati njere ya nandolo. Kampira kameneko ndiye tomato. Ngakhale kachisoti kobiriwira kaja kamene mumachotsa mukamatsuka tomato musanadule, ndi kotsalira ka duwa lomwelo. Agogo sanapite ku sukulu koma ankati "tomato wachita maluwa", pakapita nthawi "tomato wayamba kubereka", ndipo alangizi akabwera kudimba ankakambirana nawo za zipatso zimene zikuolera kunsonga, zipatso zake za tomato yemweyo. Nde mawu oti chipatso pa tomato sikuti anabwera ndi buku ayi, kudimba timawanena tsiku ndi tsiku osaganizira n'komwe.

Mukafuna mwana akhulupirire, tengani tomato mmodzi mumudule chopingasa pakati, osati kuchokera kumutu kutsika mmunsi ngati mmene timadulira pophika. Muona tizipinda, ndipo mukachipinda kalikonse muli njere zitakutidwa ndi madzi oterera. Dulaninso lalanje chimodzimodzi muike pambali pake. Simufunikanso kulankhula zambiri, aona yekha.

Khalidwe lakenso ndi la chipatso. Amene amapikula tomato ku Lizulu kapena ku Tsangano ku Ntcheu kuti akagulitse ku Blantyre satenga wofiira kale psu, amasankha wongoyamba kumene kusintha mtundu chifukwa akudziwa kuti apsera m'njira komanso pabenchi. Tomato amapitiriza kupsa atathyoledwa ngati mmene imachitira nthochi, mango ndi papaya, amatulutsa mpweya wina wotchedwa ethylene umene umafewetsa mnofu ndi kusintha mtundu, n'chifukwa chake mukamuika wobiriwira m'pepala limodzi ndi nthochi yakupsa amafiira msanga. Kabichi mungamusunge sabata yonse sadzapsa, angofota.

Koma tsono mukavomera kuti tomato ndi chipatso mwa njira imeneyi, muvomerenso gulu lonse limene likubwera pambuyo pake. Therere lobala ndi chipatso. Maungu, nkhaka, zipwete, mphonda, mabiringano, tsabola, zitheba, zonsezi zinayamba ngati duwa ndipo zili ndi njere mkati. Mtedza nawo, duwa lake lachikasu limamasula pamwamba kenako kamwendo kake kamalowa munthaka n'kukaberekera pansi, khoko lija timaswa ndi chipatso. Olo chimanga chimene, njere iliyonse pa chisononkho kwa anthu a sayansi ndi kachipatso pakokha. Pomwe nzimbe, yotsekemera kuposa zonsezi, ndi tsinde chabe. Chinangwa ndi mbatata ndi mizu. Anyezi ndi masamba amene anafufuma pansi kusunga chakudya. Chomera cha dzungu chokha chimatipatsa magawo anayi, nkhwani ndi masamba, chiluwe ndi maluwa, dzungu ndi chipatso, nthanga ndi njere, ndipo zonsezi zimatha kulowa mumphika.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Ophunzira za zomera ali ndi muzu, tsinde, tsamba, duwa, chipatso ndi njere. Alibe gawo la chomera lotchedwa vegetable. Mawu amenewo ndi a kukhitchini ndi kumsika, amasonkhanitsa pamodzi mizu ngati karoti, masamba ngati mpiru, ndi zipatso ngati tomato, chifukwa choti zimaphikidwa ndi kudyedwa mofanana. Nde funso loti chipatso kapena vegetable lili ngati kufunsa kuti kodi inu ndinu mayi kapena ndinu a ku Lilongwe. Zonse ziwiri zikhoza kukhala zoona nthawi imodzi chifukwa zikuyeza zinthu zosiyana.

Kwa ife olankhula Chichewa pali vuto lina lapadera limene ndikuona kuti ndi limene lasokoneza mwana wanu kwenikweni. Mawu a Chingerezi aja titawafunira dzina tinati masamba, kapena ndiwo zamasamba. Kwa bonongwe, chisoso, chigwada, khwanya, mpiru ndi kholowa dzinali likukwana bwinobwino chifukwa timadyadi masamba ake. Koma mwana woganiza akamva kuti tomato ndi masamba ayenera kudabwa, sinanga masamba a tomato ndi amene sitidya n'komwe, timadya chimene wabereka. Nde mwanayo akamakana kuti tomato si tsamba akunena zoona ndithu, ndipo musamuletse kuganiza choncho. Mungomuuza kuti pa tchati cha kusukulu mawu oti masamba ndi dzina la gulu, ngati mmene timanenera kuti tikupita kukagula ndiwo, ndiwozo zikhoza kukhala usipa, nyemba kapena mazira.

Ndipo tikanena zoona zake, kukhitchini kwathu tomato sakhala bwinobwino mbali iliyonse mwa ziwirizi. Simungamupatse mlendo tomato pambale ngati mmene mungamupatsire nthochi. Komanso munthu akakufunsani kuti lero ndiwo n'chiyani simunena kuti tomato, mumati usipa, tomato uja mwathiramo simumutchula n'komwe. Malo ake enieni ali limodzi ndi anyezi, mchere ndi mafuta, zinthu zimene timathira kuti ndiwo zikhale ndiwo. Pitani kumsika uliwonse mukaone, mayi wogulitsa tomato pabenchi pake pamakhala milu ya tomato, anyezi, mwina tsabola wa kambuzi ndi timapaketi ta mafuta, pomwe mango ndi manachesi ali mzere wina. Palibe anawakhazika pansi kuwaphunzitsa zimenezo, amangodziwa kuti wogula tomato akufunanso anyezi. Nthawi yokha imene tomato amasanduka ndiwo payekha ndi pamene m'nyumba mwauma, mwakazinga tomato awiri ndi kanyezi n'kuthira madzi pang'ono kuti nsima itsike, ndipo ambiri a ife takulira zimenezo kumapeto kwa mwezi.

Kusokonekera kumeneku si kwa lero ndipo si kwathu kokha. Tomato kwawo kwenikweni ndi ku South America, cha ku Peru ndi Ecuador, kumene mpaka pano kumamera wakutchire wa tizipatso ting'onoting'ono tofananako ndi phwetekere uja amamera yekha kudzala. Anthu a ku Mexico ndi amene anamulima mpaka kukhala wamkulu, ndipo m'chilankhulo cha Aaziteki, Nahuatl, munali mawu oti tomatl, kumene kunachokera dzina loti tomato. Asipanishi atalanda Mexico mu 1521 anamutengera ku Ulaya. Mu 1544 dokotala wina wa ku Italy wodziwa za zitsamba, Pietro Andrea Mattioli, analemba za chomera chatsopanochi n'kunena kuti chimadyedwa ngati mabiringano, chokazinga m'mafuta ndi mchere ndi tsabola. Koma dzina limene anthu a ku Italy anachipatsa, pomodoro, limatanthauza apulo wagolide. Mukuona? Kungofika kumene, dzina anamupatsa la chipatso koma kaphikidwe kake ka ndiwo.

Abale ake a tomato pa banja la zomera ndi mabiringano, tsabola, fodya ndi mbatata ya kachewere. Kachewere ndi chitsanzo chabwino kumuuza mwana chifukwa iye zake zinatembenuka, timadya zapansi, koma akachita maluwa nthawi zina amabereka timipira tobiriwira tofanana ndendende ndi tomato wamng'ono. Alimi a ku Dedza ndi Ntcheu amatidziwa. Timeneto ndiye zipatso za kachewere ndipo tili ndi poizoni, ana asamatidye. Nde kungoti chinthu ndi chipatso pa sayansi sizikutanthauza kuti chikalowe m'gulu la zipatso pa tchati cha zakudya.

Nkhani imeneyi inafika mpaka kukhoti lalikulu la dziko la America, ndipo ndimaikonda chifukwa imaonetsa poyera kuti yankho limadalira chimene ukufuna kuchita nalo. Mu 1883 dzikolo linakhazikitsa lamulo la misonkho ya katundu wolowa kuchokera kunja. Lamulolo linkati ma vegetable azilipira 10 peresenti ya mtengo wake, koma zipatso, kaya zaziwisi, zakupsa kapena zouma, kupatula zimene zinatchulidwa padera, zizilowa ulere. Ku New York kunali kampani ya John Nix imene inkaitanitsa zokolola kuchokera kunja, ndipo mu 1886 inalowetsa tomato wochokera ku zilumba za West Indies. Mkulu wotolera msonkho padoko la New York, Edward Hedden, anawalipiritsa 10 peresenti ija. Analipira koma modandaula, ndipo mu 1887 anakamusumira kuti awabwezere ndalama zawo, mfundo yawo inali yomweyi ya amalume a mwana wanu, tomato ndi chipatso.

Mmene mlanduwo unayendera ndi zochititsa chidwi. Maloya a Nix anabwera ndi madikishonale atatu, ya Webster, ya Worcester ndi ya Imperial, n'kuwerenga mukhoti tanthauzo la mawu awiriwa. Kenako anaitana mboni ziwiri, anthu amene anakhala akugulitsa zipatso ndi ndiwo zakudimba kwa zaka 30, kuwafunsa ngati pa malonda mawuwa ali ndi tanthauzo lina lapadera losiyana ndi limene lawerengedwalo. Loya wa Hedden naye anatsegula Webster yemweyo n'kuwerenga za nsawawa, mabiringano, nkhaka, maungu ndi tsabola, kufuna kuonetsa kuti ngati tomato alowe ulere chifukwa choti ali ndi njere ndiye kuti zonsezi zilowenso ulere. A Nix anabwezera powerenga za kachewere, kabichi, karoti, nyemba ndi zina. Anthu akuluakulu kuwerengerana madikishonale chifukwa cha tomato, koma kumbuyo kwake kunali ndalama zenizeni za msonkho.

A Nix analuza, anachita apilo, ndipo pa 10 Meyi 1893 khoti lalikulu linagamula, majaji onse mogwirizana, kuti pa nkhani ya msonkho tomato ndi vegetable. Amene analemba chigamulocho anali jaji Horace Gray, ndipo chimene anthu ambiri amachidumpha akamafotokoza nkhaniyi pa intaneti ndi chakuti iye sanakane sayansi. Anavomera poyera kuti kwa ophunzira za zomera tomato ndi chipatso, chimodzimodzi nkhaka, maungu, nyemba ndi nsawawa. Koma anati lamulo la msonkho linalembedwa m'chilankhulo cha anthu wamba, ogula ndi ogulitsa, ndipo kwa anthu amenewo zinthu zimenezi zimalimidwa kudimba la ndiwo n'kudyedwa pamodzi ndi supu, nsomba kapena nyama pa chakudya chenicheni, osati pomaliza ngati chotsitsira mmene zimadyedwera zipatso. Khoti lomwelo mu 1889 linali litaweruza kale nkhani yofanana ya nyemba, munthu wina ankati nyemba zake ndi mbewu osati ndiwo, khoti linakana pa chifukwa chomwechi.

Ine ndimaona kuti jajiyu anaganiza bwino. Muyeso wake tikauika pa Chichewa ndi wosavuta, kodi chinthuchi chimayenda ndi nsima kapena chimadyedwa pachokha? Tomato amayenda ndi nsima. Mango sayenda ndi nsima. Ndipo muyeso umenewu umasintha ndi kaphikidwe, papaya wakupsa ndi chipatso koma wamuwisi ena amamusenda n'kumuphika ngati ndiwo, nthochi yakupsa ndi chipatso koma ku Karonga nthochi zaziwisi zophika ndi nyama, mbalagha, ndi chakudya chokhutitsa chenicheni.

Ku Ulaya zinapita mbali inayo. Mu 2001 bungwe la European Union linalemba lamulo lofotokoza chimene chingatchedwe jamu, ndipo poti jamu amayenera kupangidwa ndi zipatso pomwe mayiko ena ngati Portugal amapanga jamu wa tomato ndi wa maungu kuyambira kale, analemba kuti pa lamulo limeneli tomato, karoti, mbatata, nkhaka, maungu ndi mavwende ziziwerengedwa ngati zipatso. Karoti, muzu weniweni, chipatso, chifukwa cha jamu basi. Chigawo cha Arkansas ku America chinangoti zisativute, mu 1987 chinasankha tomato wawo wa pinki kukhala chipatso cha chigawocho komanso vegetable ya chigawocho nthawi imodzi.

Tsopano tibwerere ku homuweki. Magulu asanu ndi limodzi amene amaphunzitsidwa m'masukulu ndi kusikelo kuno ku Malawi, zakudya zokhutitsa, zochokera ku nyama, za mtundu wa nyemba, masamba, zipatso ndi zamafuta, sanapangidwe poyang'ana duwa ndi njere. Anapangidwa poyang'ana chimene chakudyacho chimapereka m'thupi komanso mmene timachidyera, cholinga chake n'choti mayi akayang'ana mbale ya mwana adziwe chimene chikusowa. N'chifukwa chake nthochi zaziwisi amaziika ku zokhutitsa limodzi ndi chinangwa, mapeyala mumawapeza ku zamafuta ngakhale aliyense akudziwa kuti amathyoledwa mumtengo, ndipo tomato, therere ndi mabiringano zili ku masamba. Pa funso limene linafunsidwa, aphunzitsi anachonga molondola, ndipo pa mayeso a zakudya mwana alembe kuti tomato ali m'gulu la masamba. Tsiku limene adzafunsidwe pa sayansi kuti tchulani chipatso chokhala ndi njere zambiri, alembe tomato mopanda mantha.

Chimene ndikanakonda n'choti pambali pa ekisi ija pakanakhala kamzere kamodzi komuuza kuti waganiza bwino koma funso likufuna gulu la zakudya. Komabe sindiwada aphunzitsiwo, munthu wochonga makope a kalasi yodzaza ngati mmene zilili m'masukulu ambiri a boma sangalembe ndemanga pa kope lililonse. Ntchito imeneyo itsale kwa ife kunyumba. Ndipo amalume muwauze mwaulemu kuti yankho lawo linali loona koma linali theka.

Funso lanu lachiwiri ndi limene landikhudza kwambiri, ndipo yankho lake ndi ayi mayi, tomato wa mundiwo asalowe m'malo mwa chipatso. Ndikumvetsa chifukwa chimene mwafunsira, ndalama ya ndiwo ndi yomweyo ya zipatso ndipo siikwana. Koma taonani mmene zilili. Pa magalamu 100 a tomato, amene ndi tomato mmodzi wapakatikati, pafupifupi magalamu 95 ndi madzi, shuga safika magalamu 3, ndipo vitamini C ndi pafupifupi mamiligalamu 14. Mango wolemera chimodzimodzi ali ndi shuga pafupifupi magalamu 14 ndi vitamini C woposa kawiri wa tomato, kuphatikizapo zimene thupi limasandutsa vitamini A. Gwafa ndiye amapitirira mamiligalamu 200. Ndiye ganizirani kuti mumphika wa banja la anthu 6 mwathira tomato awiri, aliyense gawo lake silikufika theka la tomato, komanso waphikidwa mpaka kusungunuka, ndipo vitamini C amachepa ndi moto. Chimene chafika m'thupi mwa mwana ndi chochepa zedi.

Sindikunyoza tomato ayi. Ali ndi chinthu chofiira chija chotchedwa lycopene, ndipo chimenechi thupi limachitenga bwino tomato akaphikidwa ndi mafuta pang'ono kusiyana ndi wosaphika, nde mmene timakazingira muja sitilakwitsa. Ali ndi kukoma kwina kumene kumachititsa kuti mwana adye masamba amene akanawakana, ndipo imeneyo ndi ntchito yaikulu. Mukamupeza wotchipa nthawi ya chilimwe muzimudulanso wosaphika ndi anyezi ngati saladi, pamenepo vitamini C amafika yense. Koma bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wa zaka 10 kupita m'tsogolo azidya magalamu osachepera 400 a zipatso ndi ndiwo zamasamba patsiku, mwana wa zaka 6 mpaka 9 magalamu 350, wa zaka 2 mpaka 5 magalamu 250, ndipo kachewere, mbatata ndi chinangwa siziwerengedwa pamenepo. Tomato awiri mumphika sangakufikitseni kumeneko.

Chimene chimandithandiza ine ndi kusiya kuganiza za maapulo ndi mphesa za mushopu, zimenezo zambiri zimachokera kunja ndipo n'zodula chaka chonse. Ndimatsata nyengo. Kuyambira cha mu Novembala mpaka Januwale mango amakhala mbwee, ndipo ang'onoang'ono akumudzi aja ndi otchipa koma ali ndi zonse zofunika. Masuku amabwera nthawi yomweyo mvula ikamayandikira. Mvula ikamapita kumapeto kumabwera magwafa, nyengo yozizira manachesi a ku Mwanza amadzaza m'misewu, masau ndi malambe zimapezeka chilimwe ndipo malambe amasungika miyezi, mukhoza kuwaviika m'madzi n'kuthira muphala la ana. Nthochi ndi mapapaya zimapezeka pafupifupi chaka chonse. Chipatso chimodzi chogawana ana awiri chikuposa kusadya n'komwe. Ndipo ngati pakhomo pali kamalo olo kakang'ono kuseri kwa bafa, papaya amabereka chaka chisanathe kapena kungopitirira pang'ono, safuna zambiri.

Kamalo komweko mudzalepo ndi tomato mmodzi wa mwanayo. Agogo ankasankha tomato wakupsa kwambiri, kumufinyira m'kachitini, kusiya masiku awiri kapena atatu kuti zoterera zija zisasamuke ndi kulekana ndi njere, kenako kutsuka n'kuyanika pa kansalu pamthunzi. Chitani naye chimodzimodzi, kapena mugule kapaketi ka mbewu ngati Tengeru kapena Tanya ngati mukufuna wobereka modalirika. Afese yekha m'chitini choboola pansi, zimamera pakatha sabata imodzi kapena kupitirira pang'ono, pakatha mwezi awokere pansi kapena muthumba la dothi losakaniza ndi manyowa, azithirira patsinde osati pamasamba. Duwa loyamba likamasula amange kaulusi pa kanthambi kakeko kuti asalisokoneze ndi ena, ndipo tsiku lililonse akaweruka azikaliona n'kulemba mukope chimene chasintha, tsiku limene lafota, tsiku limene kampira kaoneka, tsiku limene kayamba chikasu. Kuchokera pa duwa kufika pofiira zimatenga milungu 6 mpaka 8 malinga ndi nyengo. Akapsa amuthyole yekha, amudule chopingasa awerenge tizipinda, theka adye ndi mchere, theka linalo mukathire mu usipa wa madzulo. Kopelo akawaonetse amalume ake ndi aphunzitsi, ndipo inu mudzandilembere kuti anawerenga masiku angati.